Ng'ona za Achimwene Zinafika ku Leicester

Achimwene anga ndi munthu woona mtima pa zinthu zonse kupatulapo chimodzi: mtunda umene ankayenda popita ku sukulu ali mwana. Pa nkhani imeneyi yokha, bodza amalikonza mosamala ngati nkhuku ya alendo. Mwana wawo wamkazi, yemwe anabadwira konkuno ku Mangalande, anakula akumva kuti bambo ake ankadzuka tambala asanalire, n'kuyamba ulendo opanda nsapato, kukwera phiri, kudutsa m'nkhalango afisi akuwaperekeza, kenako kuwoloka mtsinje wa ng'ona mabuku ali pamutu. Mwanayo akadandaula kuti basi ya ku sukulu yachedwa, nkhaniyi inkatuluka. Akasiya ndiwo m'mbale, inkatuluka. Chaka ndi chaka phirilo linkatalikirako ndipo ng'onazo zinkaswana.

Ine ndine mchemwali wawo wamng'ono, ndiye zoona zake ndikuzidziwa. Tinakulira ku Dedza, pa sukulu ya pulayimale pomwe malemu bambo athu anali mphunzitsi wamkulu, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya sukulu yomweyo. Mayi akamakazinga mtedza, ana ankamva fungo ali m'kalasi. Kuchoka pakhonde pathu kukafika pa chitseko cha kalasi, munthu sukanamaliza kudya mbatata imodzi. Mtsinje unalipodi, koma kanali kamtsinje koti bakha angachite manyazi kusambiramo. Ndipo ng'ona yoti ikhale m'madzi ozizira a ku Dedza, ndiye kuti yavala juzi.

Zaka zonsezi sindinanenepo kanthu. Kwathu sitiyalutsa bambo pamaso pa mwana wake, ngakhale bamboyo atanena kuti anabadwa ndi mano. Nkhani ikayamba ndinkangoweramira m'mbale mwanga n'kumatafuna. Achimwene atapita naye mwanayo ku Malawi, ulendo umodzi wokha, anakathera ku Blantyre kwa abale a alamu anga. Za ku Dedza anati msewu wake ndi woipa.

Nthawi imene ndikukambayi ndinkakhala ku Beaumont Leys, m'kanyumba kufupi ndi kumashopu, ndipo ndinkagwira ntchito ya unamwino m'tauni. Achimwene ndi alamu anali ku Corby. Achimwenewo ali ndi digiri ya zowerengera ndalama, koma dziko lino linawapatsa jekete yonyezimira ndi ntchito yoyang'anira shifiti m'chinyumba chosungiramo katundu, ndipo ankaigwira osadandaula pagulu. Mwana wawo uja anali m'chaka chomaliza pa yunivesite ina muno mu Leicester. Lachisanu lililonse ankatulukira kwanga ndi chikwama cha zovala zakuda ndi njala ya sabata yonse.

Ku tchalitchi achimwene ankauza anthu kuti mwanayo akuphunzira uinjiniya. Zoona zake, ankaphunzira kukonza mapulani a malo osangalalirako, makamaka mapaki akuluakulu aja kumene anthu amalipira okha kuti akawazondotse m'tisitima, akawaopseze m'nyumba za mizukwa yabodza, ndi kuwayendetsa m'mapanga a miyala yopepuka ngati buledi. Ine ndinapitako kamodzi ndi amayi a ku tchalitchi, uko kupitirira Derby, ndipo ndinabwerako wigi ili m'chikwama. Sindinkadziwa kuti pali munthu amene amakhala pansi n'kumaganiza kuti njira ikhote pati, pamveke fungo lanji, nyimbo isiye nthawi yanji kuti mtima wako uyambe kugunda. Mwanayo ndi amene anandiuza kuti ngakhale mzere umene timaimapo podikira uja amachita kuukonza ngati nthano, kuti pofika pokwerera ukhale utaopa kale.

Mkangano unabuka Lamulungu lina tikudya ku Corby. Mwanayo ananena kuti kampani ina yaing'ono ya cha kumpoto, yomanga zinthu za m'mapaki oterewa, yamulonjeza ntchito akangomaliza sukulu. Achimwene anaika foloko pansi. Iwo anali atamusankhira kale kosi ina yoti awonjezere, yowerengera simenti ndi zitsulo za nyumba zenizeni, ntchito yoti ukaitchula pafoni kumudzi anthu amavomera kuti eya.

"Ndiye ukufuna moyo wako wonse uzipanga zidole?" anafunsa achimwene.

Mwanayo Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ngati anzake onse obadwira kuno. Anati si zidole, ndi ntchito ya zaluso, ngati kujambula kapena kulemba mabuku.

"Zaluso?" Achimwene anaseka chapamphuno. "Zaluso ndi zimene munthu umaima n'kumaziyang'ana uli phee, manja kumbuyo. Wosema ziboliboli ndi waluso. Wopeka nyimbo za kwaya ndi waluso. Koma chinthu choti munthu azitulukamo akusanza, iwe ukuti zaluso?"

"Nyimbo ikakulizani mumati ndi yaluso," anatero mwanayo. "Ine ndikamuopseza munthu kenako n'kumuseketsa, zikusiyana pati?"

"Zikusiyana poti iwe ukunamiza anthu. Mwala wa pulasitiki! Phanga la makatoni! Munthu wamkulu, wophunzira, ntchito yake ingakhale kuuza anthu kuti pali phiri pomwe palibe phiri?"

Apa mpunga unandilowa polakwika. Ndinatsokomola mpaka misozi, alamu akundimenya pamsana. Nditadzutsa mutu ndinapeza achimwene akundiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo tili ana, ndikawapeza akuba shuga.

Pobwerera ku Leicester m'galimoto mwanga, titadutsa Market Harborough, mwanayo anati, "Anti, mu Juni tili ndi chionetsero cha ntchito zathu zomaliza. Adadi akabwera n'kuona, n'kunenabe kuti ndi zachibwana, ntchito ija ndiikana. Ndipanga kosi yawoyo."

"Wapenga? Nanga akapanda kubwera?"

"Ndiye kuti ayankha kale."

Ndinapsa mtima zedi. Ana a anzathu amavuta ndi kusamva, wathuyu ankavuta ndi kumva. Ndinamukalipira njira yonse, kumuuza kuti moyo ndi wake, kuti bambo ake sadzamudzukira m'mawa kukawerenga matumba a simenti. Anangoti wamva, anti. Ndinadziwa kuti achita zimene wanenazo, chifukwa kuuma mutu mwaulemu anatengera kwa bambo ake omwewo.

Patapita masabata angapo anabwera Lachisanu ndi pensulo ndi mapepala akuluakulu, n'kuwayala pathebulo langa. Anandiululira kuti ntchito yake yomaliza ndi ulendo wa ku sukulu wa adadi ake. Ankafuna kuti munthu alowe mbali imodzi ali mlendo wa ku Leicester, atulukire mbali ina atayenda ulendo wonse uja, phiri, afisi, mtsinje. Bambo ake sakanawafunsa, poti angamuthamangitse. Ndiye mboni yotsala ndinali ine.

"Anti, mtsinje uja unali waukulu bwanji?"

Apa ndiye panali poneneratu zoona. Ndinatseguladi pakamwa kuti ndinene zoona, koma zimene zinatuluka ndi izi: "Munthu akaima kutsidya ankaoneka ngati nyerere."

Analemba. "Mlatho unalipo?"

"Mtengo umodzi wokha, woterera ndi ndere."

"Nanga afisi ankakhala angati?"

"Zinkatengera tsiku. Lolemba ankachuluka."

Ndisaname, ndinamva kukoma. Ndinazindikira tsiku limenelo chifukwa chake achimwene sanasiye khalidweli zaka zonsezi. Mwana akukuyang'ana m'maso, pensulo ili m'manja, chilichonse chotuluka pakamwa pako chikusanduka mzere papepala, ndani angasiye? Ndinaonjezerapo nsato imene inkagona chopingasa panjira, yoti umaidumpha utanena kaye kuti pepani. Imeneyo ngakhale achimwene anali asanaiganizepo.

Pomwe ankafunsa za sukulu yeniyeniyo n'kuti nditatopa ndi kupeka, ndiye ndinangonena zoona osaganizako. Khoma linali la njerwa zofiira zosapaka laimu. Chitseko chinali chobiriwira, chodyeka ndi chiswe m'munsi. Belu silinali belu ayi, linali limu lakale la galimoto lopachikidwa pa mtengo wa bulugamu, ankalimenya ndi chitsulo. Anandiuza kuti ndiyeseze kulira kwake. Ndinamenya chivundikiro cha poto ndi supuni, koma sizinafanane. Sabata yotsatira anakagula limu ladzimbiri kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kubwera nalo pabasi atalikulunga m'thumba la zinyalala, n'kumalimenya m'khitchini mwanga mpaka ndinati basi, ndi lomwelo. Aneba anga anagogoda khoma.

Juni atayandikira, achimwene analengeza kuti tsiku la chionetsero ali ndi shifiti. Munthu woti mashifitiwo amagawa ndi iyeyo! Ndinadikira tsiku limene alamu anali ku ntchito, n'kupita ku Corby osaimba foni. Ndinawapeza ali m'khitchini akusita malaya.

"Achimwene, ndamva kuti simubwera."

"Ndili bize. Ndiponso ndikapita ndiye kuti ndavomereza. Ukufuna ndikaombe m'manja mwana wanga akutaya tsogolo?"

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukaone kaye ndi maso anu."

"Zidole ndikuzidziwa, sindikufunika kuziona."

Ndinakhala pampando, n'kudzithirira tiyi wawo. Ndinamwako pang'ono, n'kunena kuti, "Tiyi ameneyu akundikumbutsa kale. Mukukumbuka mayi ankandituma kukupatsirani tiyi ku kalasi nthawi ya buleki? Ankafika akadali wotentha, mpaka munkachita kuuzira. Ndikudabwa kuti ndinkadutsa naye bwanji pa ng'ona zija. Mwana wanu angakonde kumva nkhani imeneyi."

Anaimika simbi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe ndiwe mfiti."

"Mfiti sibadwa yokha m'banja, achimwene. Chionetsero chikuyamba masana. Muvale bwino."

Za chimene mwanayo wamanga sindinawauze. Ndinaganiza kuti munthu amene wadyetsa ng'ona zaka zonsezi ayenera kukumana nazo mwadzidzidzi.

Chaka chimenecho kunatentha modabwitsa, udzu wa m'mapaki a mu Leicester unauma ngati kwathu mu Okutobala. Achimwene anafika atavala suti yakuda ndi tayi, thukuta lili kamukamu, nkhope ngati akupita kukaikira umboni ku khoti. Alamu anali atalephera kusintha shifiti yawo, ndiye tinalowa awiri. M'holomo munali ntchito za ophunzira ambiri, ena mipando, ena nyali, ena zinthu zoti sindinadziwe kuti kumwamba kwake ndi kuti. Achimwene ankangodutsa akupukusa mutu.

Ntchito ya mwana wathu inali pakona. Pathebulo panali kachitsanzo kakang'ono ka paki yonse, timapiri ndi timitengo, koma pambali pake anali atamanga mbali imodzi yaikulu yoti munthu n'kulowamo, yotchingidwa ndi nsalu zakuda. Panali mzere wa anthu, ndipo pansi panali mulu wa nsapato, chifukwa lamulo lake linali loti ulowe wopanda nsapato. Pamwamba pa khomo panalembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti: Msewu wa ku Sukulu wa Adadi.

Achimwene anawerenga. Anawerenganso. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunong'ona kuti, "Iwe, wachita chiyani?"

Ndisanayankhe, panafika mayi wina wachizungu wa imvi zodula, mphunzitsi wa mwanayo. Anawagwira dzanja achimwene ndi manja onse awiri n'kufuula kuti, "Ndinu mnyamata uja!" Anthu a pamzere anatembenuka onse. Mayiyo anati miyezi yonseyi akhala akumva za iwo, ndipo sakumvetsa kuti mwana wamng'ono ankapirira bwanji zoterozo tsiku ndi tsiku. Achimwene anayang'ana kuchitseko cha holo, koma kunali kutali. Anakonza tayi n'kuyankha m'Chingerezi chawo cha ku ofesi kuti, "Tinkangozolowera, mayi."

Mwanayo anali ataima pakhomo, akulowetsa anthu pang'onopang'ono. Sanamwetulire. Anangoti, "Nsapato, dadi." Achimwene anavula nsapato ndi masokosi, n'kuziika pambali mwadongosolo, n'kulowa. Ine ndinali pambuyo pawo, ndipo pambuyo panga panali bambo ndi mayi ena okalamba achizungu.

M'katimo munali mdima wa m'bandakucha. Mpweya wozizira unatiomba m'miyendo, ndipo pansi panali udzu wonyowa ndi mame. Tambala analira chapatali. Njira inayamba kukwera pang'onopang'ono, moti msana unawerama wokha. Malo onsewo sanali aakulu kuposa khitchini yanga ndi pabalaza, koma mwanayo anakhotetsa njira mwakuti sunkaona kumene wachokera kapena kumene ukupita, ndiye miyendo inkakhulupirira kuti yayenda. Kenako fisi anaseka kumbuyo kwathu chakumanzere. Titatembenuka, anaseka chakumanja, pafupi. Mayi wokalamba uja anandigwira diresi.

Nsato yanga ndinaipeza itagona chopingasa panjira, ikupuma. Ndinkadziwa kuti ndi paipi yokutidwa ndi nsalu, poti nsaluyo inali katani yanga yakale. Ndinkadziwanso kuti nsato imeneyi inabadwira m'kamwa mwanga. Komabe mwendo unakana kudumpha mpaka nditanena kuti pepani. Pa mtsinje ndiye ndinachita manyazi. Panali mtengo umodzi woterera, pansi pake madzi akuda akunyezimira, ndipo m'madzimo maso awiriawiri ankatseguka n'kutsekanso. Madziwo anali magalasi ndi magetsi chabe, ndipo mtengowo unali m'mwamba osaposa chikhatho. Ine namwino wamkulu, woti ndaona zambiri, ndinakuwa kuti mayo!

Achimwene poyamba ankayenda atauma gwa ngati mtengo. Koma pofika pa mtsinjepo ndinaona mapewa awo akumasuka. Anatambasula manja, n'kuponda pa mtengo paja chammbali, n'kutembenukira kwa okalamba aja kuwauza kuti asayang'ane pansi, ng'ona imakonda munthu woiyang'ana m'maso. Bambo wokalambayo anafunsa ngati zinawagwirapo. Achimwene anati iwo ayi, koma zinatengapo buku lawo la masamu. Anthu anaseka, enanso amene anali kutsogolo anabwerera kudzamvetsera. Munthu uja wa jekete yonyezimira, amene ku Corby anyamata amamuitana ndi dzina loyamba, anali ataima pakati pa dziko lake, akuonetsa alendo malo. Sindinawaonepo akusangalala choncho chibwerere kuno. Ndinati mumtima, basi, mlandu watha, mwana wapambana.

Titakhota komaliza, mdima unayamba kuyera ngati dzuwa likutuluka. Kutsogolo kwathu kunali khoma la njerwa zofiira ndi chitseko chobiriwira, chodyeka ndi chiswe m'munsi. Kenako limu linalira. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Achimwene anasiya chiganizo pakati. Manja awo anathamangira m'chiuno kukapisira malaya amene anali opisira kale. Anaimika msana, mapazi pamodzi, manja kumbuyo, maso pachitseko. Munthu wa imvi, wa suti, wopanda nsapato, ataima ngati mwana wa sitandade 5. Mzimu wanga wachipongwe unafuna kuwakumbutsa zija ananena ku Corby, za kuima phee manja kumbuyo. Koma nditaona nkhope yawo, mawu anandithera. Manjawo sanali kumbuyo chifukwa cha ulemu. Ankatchinga.

Ndinali nditaiwala, kapena ndinene kuti ndinali nditasankha kuiwala. Bambo athu anali ndi lamulo lawo: mwana wa mphunzitsi wamkulu asadzanenedwe kuti akukonderedwa. Ndiye kalasi ikasokosa, woyamba kugona pansi anali achimwene. Ena akachedwa, ndodo inkayambira pa achimwene, amene sakanachedwa ngakhale atafuna. Akakhoza mayeso, bambo ankawafunsa kuti funso limodzilo analakwa bwanji, pamaso pa sukulu yonse. Ana ena akaweruka ankathawira kwawo, kutali ndi ndodo. Achimwene akaweruka ankayenda kamtunda kaja, n'kukapeza munthu yemweyo atakhala pakhonde. Ine ndinali mtsikana, wamng'ono, wokondedwa, ndipo bambo ndimawakumbukira ndi chikondi mpaka lero. Tiyi uja ndinkawanyoza naye ku Corby, nthawi zambiri ankamwa ali chiimire chifukwa sakanatha kukhala pansi.

Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkaseka kuti achimwene amatalikitsa msewu kuti aoneke ngwazi. Sindinaganizepo kuti mwina mwana uja ankalakalaka msewu wautali, wa phiri ndi afisi ndi ng'ona, pomwe akanakhala yekha osaonedwa ndi munthu.

Anthu ena anatuluka pa kansalu ka pambali, akuomba m'manja. Tinatsala awiri. Kenako mwanayo analowa, atasiyira mnzake pakhomo, n'kuima pafupi ndi bambo ake. Analankhula m'Chichewa, Chichewa chake chopunthwapunthwa chija chimene amachita nacho manyazi.

"Chitsekochi sichitseguka, dadi. Kuseri kulibe kanthu. Aphunzitsi anandiuza kuti ulendo uliwonse umafunika pothera, koma ine sindinadziwe choikako. Nkhani zanu zonse zimathera pano. Simunalowepo m'kalasi ngakhale kamodzi."

Achimwene anangoyang'anabe chitsekocho.

"Ndipo ndikudziwa kuti nyumba ya agogo inali pafupi," anapitiriza. "Ndinaona pa mapu a pafoni ndili ku sekondale. Denga la nyumba ndi denga la sukulu zatsala pang'ono kugundana."

Ndinafuna nthaka ya Leicester indimeze. Akuluakulu awiri, wina wa digiri wina wa yunifolomu, takhala tikunamiza mwana woti akudziwa kale, ndipo ine ndinachita kumuonjezera nsato. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, unkalemberanji zonse zija ndinkakuuza?"

"Zinali zabwino, anti. Makamaka za Lolemba." Kenako anayang'ana bambo ake. "Kwathu kumene ndinapitako ndi kumeneku, dadi. Munanditengerako ndinu, tsiku lililonse pathebulo. Ine ndangokumanga kuti nanunso mufikeko."

Ngati pali munthu wophunzira amene angandiuze kuti zimenezi si zaluso, abwere adzandiuzire pamaso. Ine za mabuku a zaluso sindidziwa. Ndikudziwa kuti mtsikana anatenga katani yanga yakale, magalasi, ndi limu ladzimbiri, n'kuimika munthu wamkulu pamalo amene wakhala akuwazemba moyo wake wonse, osamukankha, osamunyoza. Jekeseni amene ndimabaya anthu ku ntchito safika pamenepo.

Tinatuluka. Panja pa nsalu panali benchi yovalirapo nsapato, ndipo achimwene anakhala pamenepo. Mphunzitsi wa imvi uja ankabwera akumwetulira, mwina kuti adzamve zambiri za ng'ona. Ndinamutchingira njira, n'kuyamba kumufunsa za mipando ya ophunzira ena ngati ndikufuna kugula, khutu limodzi lili ku benchi.

Achimwene anavala masokosi pang'onopang'ono. Anavala nsapato imodzi n'kuimanga. Mwanayo anali ataima patsogolo pawo, akudikira ngati munthu wodikira zotsatira kuchipatala.

"Ndiye ntchito ija ndiikane, dadi?"

"Limu lija unalitenga kuti?"

"Kwa ogulitsa zitsulo zakale."

"Likulira ndendende." Anayang'ana nsapato inayo. Kenako anati, "Uikane bwanji? Munthu sasiya ntchito asanaidziwe n'komwe. Iwe sunamalize, wamanga msewu wothera pa chitseko chotseka. Uwauze anthu a kampani ija kuti ukubwera. Koma Lamulungu ufike kunyumba ndi pensulo yako, ndidzakuuze zimene zili m'katimo. Usavutike ndi pepala lalikulu. Ndi nkhani yaifupi, ndipo agogo ako alimo."

Anawerama kuti amange nsapato yachiwiri, koma zingwe zinkawapulumuka. Mwanayo anagwada pansi pamaso pa anthu onse aja n'kuwamangira.